Malire Amene Ndinalemba Kumanda

Azibambo, zikomo pondipatsa mpando. Sindikhalapo. Ndiyankhula choimirira kuti ndifulumire.

Ndine Aloizio Mbewe wa kwa Chimphinga, kuseri kwa phiri mukulionali. Sukulu ndinalekeza giredi faifi. Akatekisiti anu andiitana kuti ndinene zimene ndinachita, chifukwa akuti galimoto yoyera ija yayamba kufika kuno kwanu. Ndiye mumve bwino. Sindibwereza.

Ine ndinali mkulu wa adzukulu. Ndakumba manda kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi izi. Manda akwathu ndi akale, nkhalango ya miwanga ndi misuku. Ziliza ndi zowerengeka. Chizindikiro chimakhala mbale yoboola, mphika wosweka, kapena palibe. Ine chizindikiro sindinkachifuna. Phazi langa linkadziwa. Apa pagona uje, apa mkazi wake, apo mwana wawo uja anagwa mumtengo. Chuma changa chinali chimenecho, ndipo ndi chimene anabwera kudzagula.

Phiri lathu lili ndi mwala wabwino. Kampani ina ya kwale, yophwanya miyala, inalifuna. Inkafunanso malo athyathyathya oika chigayo cha miyala, ndipo malo otero analipo amodzi okha, tchire la m'mphepete mwa manda, chakum'mawa. Lamulo limakana kukumba pamene pagona anthu. Ndiye pankafunika munthu wodalirika woti anene pamene akufa athera.

Sanayambire kwa ine. Anayambira kumwamba. Khansala wathu, amene ankapempha mavoti pa njinga yopanda mabuleki, tinangoona ali m'galimoto. Amfumu athu ndi nkhalamba, maso anafa kale. Anawakhomera malata, nkuwagwira chala kudinda. Ine ndinali womaliza.

Munthu wa kampaniyo tinkamutchula kuti Chipewa, chifukwa chipewa chake sankavula ngakhale pamaliro. Anafika pakhomo panga masana ndi khansala, honda yatsopano, njinga yamoto, ili kumbuyo kwa galimoto yoyera. Anayankhula mwaulemu. Anati manda athu sakuwafuna, amaopanso mizimu ngati ife. Akungofuna tchire. Ine ndingowalozera malire, honda itsike, ndiponso ntchito ya ulonda pageti ikhale yanga.

Ndinadziyesa wochenjera. Ndinati ndidya za kampani koma akufa anga sindiwakhudza. Ndinatenga khasu, nkupita pa manda omaliza amene ndinakumba, nkuyenda mapazi khumi kutsogolo, nkukanda mzere pansi. Mzerewo unadutsa pa mkuyu waukulu. Kum'mawa kwa mkuyu ndinati kulibe kanthu.

Mkazi wanga ndi Veronika, aNajere. Madzulo ake anali kusenda mtedza pakhonde. Anandifunsa kuti mzere wadutsa pati. Nditawauza, manja anaima. Anati kum'mawa kwa mkuyu ndi malo a azimayi.

Inu nonse mukudziwa mtayo. Mwana wobadwa wakufa, kapena womwalira asanatuluke m'chikuta. Salira. Adzukulu saitanidwa. Azimayi amamukulunga m'chitenje, amapita okha mamawa, amakumba kadzenje kofika m'mawondo, amabwerako chete. Ife amuna sitifunsa kuti mwakaika pati. Ine ndi Veronika zinatichitikira kawiri, Sofiya wathu atabadwa kale. Kawiri konseko sindinafunse.

Ndikanatha kubweza honda tsiku lomwelo. Inali pabwalo, mapulasitiki asanachotsedwe pampando. Ndinaiyang'ana, kenako ndinayankha mkazi wanga kuti: "Mtayo si maliro. Salira, saika mtanda. Ndiye mukuti pali chiyani pamenepo?"

Ndinanena ndi pakamwa pomwepa. Iwo anatola lichero lawo nkulowa m'nyumba.

Bwana wa boma woyendera malo anabwera patapita masiku ochepa. Anabwera m'galimoto ya kampani. Anadya m'tenti ya kampani. M'nkhalango sanalowe, anati akuopa chitedze. Pepala linali lotaipa kale m'Chingerezi, malo a dzina langa okha ndiwo anali opanda kanthu. Ndinasaina pa boneti ya galimoto. Iye anamenya chidindo. Zonsezo sizinakwane nthawi yophikira tiyi.

Katapila anafika mwezi wotsatira. Ndanena kuti azimayi sakumba mozama. Tsiku loyamba lomwe, dzuwa lisanafike pamutu, zitenje zinayamba kutuluka m'dothi. Dalaivala anazimitsa injini, nkutsika. Chipewa anamuuza kuti kumbuyo kwake kuli anthu khumi ofuna mpando wakewo. Anakweranso.

Azimayi anabwera akuthamanga, mudzi wonse. Ine ndinali pageti, yunifolomu yabuluu, jombo zakuda. Ndinatseka geti. Veronika anali kutsogolo, anagwira waya ndi manja onse awiri, osandiyang'ana ine, kuyang'ana katapila. Ndinaika loko.

Anakhala pansi mumsewu masiku awiri, malole osadutsa. Tsiku lachitatu kunabwera apolisi. Galimoto yawo inamwa mafuta pa thanki ya kampani, paipi ndinagwira ndine. Mkulu wawo anawerenga pepala langa pa chimkuzamawu, kuti mkulu wa adzukulu a mudzi uno, Aloizio Mbewe, walumbira kuti kuno kulibe manda. Kenako utsi wokhetsa misozi. Agogo ena, aNangozo, anagwa pothawa nkuthyoka mkono. Mpaka lero sautambasula.

Veronika anatenga Sofiya nkupita kwa mlongo wawo ku Nabvutika, m'tauni. Akimu, amene anali wachiwiri wanga pa udzukulu, anabwera kudzatenga mapiki ndi zingwe za gulu. Sanakhale pansi, madzi anakana. Kuyambira pamenepo ndikafika pamaliro azimayi ankasiya kuimba mpaka nditachoka.

Zotsalazo ndi zachidule. Kachasu. Poyamba madzulo, kenako masana, kenako ndisanasukusule. Honda ndinagwa nayo m'ngalande, ndinagulitsa ngati zitsulo. Kampani inandichotsa ntchito chifukwa cha uchidakwa, chonsecho botolo loyamba anandigulira ndi Chipewa yemweyo. Ndinagulitsa mbuzi. Ndinazula malata a nyumba yanga. Ndinapita m'tauni kukasenza matumba pamsika wa Kapata, ndikugona pakhonde la mayi wina wotcheza kachasu. Ndinkadzikodzera. Ana a m'komboni anamva nkhani yanga, nkunditcha Katapila. Ndikamadutsa ankalira ngati injini. Dzinja linadutsa kawiri ndili momwemo. Ku Nabvutika ndi pafupi, koma sindinapondeko.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona nsapato zopolisha pafupi ndi nkhope yanga. Anali Chipewa. Anati ndadzitayiranji chonchi, mdala wanzeru ngati ine. Nkhani yake inali yakuti mwala wa m'mphepete watha, wabwino walowera pansi pa manda enieniwo. Pankafunika pepala lina, lonena kuti manda ndi ochepa, ndi akalekale, eni ake kulibe, akhoza kusamutsidwa.

Sindinakane. Ndinafunsa ngati pali kabotolo.

Ananditengera kometa. Anandigulira shati ya salaula, ya pakaunjika, yoyera, ya mikono yaitali. Anandipatsa kapu imodzi yokha kuti manja asanjenjemere, ina anati tikatuluka. Tinalowa mu ofesi ina ya boma, sinditchula kuti iti.

Munali kakhonde kakatali kamkati. Pansi, motsamira khoma, panakhala azimayi a kwathu. Ndinamva pambuyo pake kuti ankabwera Lolemba lililonse ndi kalata yawo ya madandaulo, miyezi ndi miyezi, ndipo Lolemba lililonse ankauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano. Ife tinangodutsa. Mesenjala anamuona Chipewa ali patali, nkuimirira, nkutsegula chitseko cha bwana ndi manja awiri. Azimayi anapinda miyendo kuti tisawaponde.

Veronika anali pafupi ndi chitsekocho. Anali ataonda. Anayang'ana shati yanga, nkuyang'ana mutu wometa. Anayankhula motsitsa, ngati akundiuza kuti madzi osamba atentha.

"Atate ake Sofiya, shati yakukhalani."

Ndinaima. Chipewa anali atalowa kale.

"Woyamba anali wamkazi. Wachiwiri anali wamwamuna. Anali ndi makutu anu. Simunafunsepo, ndiye ndati mudziwe musanasaine."

Anatembenukira kukhoma. Ine ndinalowa.

Mkati munali tiyi ndi mabisiketi. Bwana, amene ankati ali kumsonkhano, anali pampando wake. Anamufunsa Chipewa za miyala ya kupuloti kumene bwanayo ankamanga nyumba. Chipewa anati lole ina ifika Lachisanu. Anaseka. Ankayankhula ngati ine ndine mpando. Kenako pepala linabwera patsogolo panga, ndi cholembera.

Chingerezi ndimawerenga movutika, koma nambala ndimaidziwa. Panalembedwa 12. Manda khumi ndi awiri. Mutu wanga unayamba wokha kuwerenga kuchokera polowera. Uje, mkazi wake, mlamu wake, ana awiri a chikuku aja. Ndinakwanitsa khumi ndi awiri ndisanadutse muwanga woyamba. Atate anga ali mitengo isanu kutsogolo.

Koma musanamizidwe kuti ndi nambala imene inandigwira dzanja. Mabodza ndinali nditawazolowera. Anali makutu. Onani makutu angawa. Kuyambira kusukulu ankandiseka nawo, akuti ndi malichero. Ndinakhala pamenepo, cholembera m'manja, makutu akutentha ngati awathira tsabola. Zaka zonsezi ndinkati ndilibe mwana wamwamuna. Ndinali naye. Mkazi wanga anamuona nkhope, anamuona makutu, anamukulunga, anakamuika yekha. Ine ndinamukandira mzere ndi khasu, nkumusiya kunja.

Bwana anati: "Mdala, saina. Tili ndi ntchito zina."

Ndinati ndikufuna kukataya madzi. Anaseka, nkundilozera njira. Ndinatuluka. Kuchimbudzi sindinapite. Ndinayenda mpaka kumapeto kwa mzere wa azimayi, nkukhala pansi. Palibe anandisendezera malo. ANangozo anakoka kathumba kawo ndi mkono wabwinowo, kuti kasandikhudze.

Chipewa anatuluka. Anandiitana katatu. Kachitatu sanati mdala, anati iwe. Ataona kuti sindikudzuka anati ndivule shati yake. Ndinavula, nkumupatsa. Ndinakhala chifuwa pamtunda mpaka ofesi inatsekedwa. Azimayi ananyamuka nkumapita. Veronika sanacheuke.

Musandiyese ngwazi. Sabata isanathe anapeza wina wosaina, munthu amene sanagwirepo khasu kumanda. Kukana kwanga sikunapulumutse manda ngakhale amodzi. Kunangondisiya ndi ntchito.

Ndinayamba ndi mowa, chifukwa chidakwa palibe amachimvera. Ndinabwerera kumudzi wapansi, nkukagwada kwa akatekisiti athu. Sanandilalikire. Anandipatsa mphasa m'kasitolo ka tchalitchi ndi khasu la m'munda wa mpingo. Masiku anayi oyamba ndinkanjenjemera ngati nkhuku yonyowa, ndikuona zinthu zimene kulibe. Ndinadziikira malamulo. M'thumba musagone ndalama. Njira yodutsa potcheza kachasu ndisaiponde, ngakhale ina italike. Ndidye kaye ndisanapite kulikonse. Ndinagwa m'mowa kawiri. Kawiri konse ndinakadzinenera ndekha m'mawa mwake. Amene mukumwa pano, mfundo ndi imeneyo. Ukagwa, kanene dzuwa lisanakwere. Ukabisa, wabwerera.

Kenako ndinapita kwa Akimu. Chikhululuko sindinapemphe, ndinalibe nkhope yake. Ndinati zimene zili m'mutu mwangamu zilembedwe ndisanafe kapena ndisanagulidwenso. Anati sakundikhulupirira, koma akufa si anga ndekha, ndiye abwera. Tinalowa m'nkhalango masiku atatu, ine kutchula, akatekisiti kulemba. Banja lililonse linkabwera kudzaima pa wawo. Pamene ndinasokoneza, nkhalamba zinkandikonza, zina mondilalatira. Kope la sukulu linadzaza, tinayamba lina.

Koma kope ndi pepala, ndipo ine ndikudziwa kuti pepala limanena zimene mwini ndalama wafuna. Chitsulo chozikidwa pansi ndiye sichinama. Tinafuna kuti manda alionse akhale ndi chake. Ndinapita ku Kapata kwa a Saidi, Msilamu wogulitsa zitsulo, amene ndinkawasenzera katundu masiku a uchidakwa. Anandikumbuka. Anandinunkhiza kaye. Atamva nkhani anatipatsa zidutswa zotsala ndi chitini cha penti, nkunena kuti nawonso atate awo agona pansi, sangafune katapila. Wowotcherera anapanga timitanda. Tinazika kamodzikamodzi, dzina lililonse ndi penti yoyera.

Azimayi anali ndi malo ena a mitayo amene katapila sanafike, chakumpoto. Anakana kuti mwamuna aliyense apiteko. Ndinasenza zitsulo mpaka panjira, nkutula, nkubwerera osayang'ana kumbuyo. Anakazika okha.

Chomaliza chinali kukabweza mawu anga oyamba aja ku ofesi. Ndinapitako kasanu ndi kawiri. Tsopano ndinali wa pansi, wotsamira khoma. Ankati failo yasowa. Ankati bwana ali kumsonkhano. Ulendo womaliza anandimva mayi wina wachitsikana wogwira ntchito momwemo. Patapita masiku anafika kwathu yekha, pa njinga yahayala, osati pa galimoto ya munthu. Analowa m'nkhalango, chitedze chikumuyabwa, nkuwerenga mitanda yonse. Analemba zimene anaona, pepala lina nkusiya kwa abambo a parishi. Mwezi usanathe anamusamutsira kutali, kumene basi imafika kamodzi pa sabata.

Koma pepala lake linalipo, mitanda inalipo, ndipo nkhani inayamba kumveka. Kampani sikonda phokoso. Inasiya manda athu. Palibe anamangidwa. Bwana uja akadali pampando wake, nyumba yake inatha. Khansala anawinanso. Chipewa akandiona panjira amaliza hutala nkundibayibitsa. Mwala akuufunabe. Angozungulira phiri. Ndi chifukwa chake galimoto ija ili kuno kwanu.

Sadzafuna munthu woipa. Woipa pepala lake lilibe ntchito. Adzafuna amene mumamukhulupirira, wa komiti ya tchalitchi, wa kopaletivu, mdzukulu. Adzamuuza kuti akungofuna tchire. Bwana woyendera malo akabwera, onani galimoto imene watsikamo. Pepala lobwera lotaipa kale musasaine, ndipo pasapezeke wosaina ali yekha. Mitanda zikani mwezi uno, katapila asanabwere, osati atapita ngati ife. Ndipo ngati pano pali wina amene walandira kale kanthu, ndikumuona sakuyang'ana kuno. Anene lero. Manyazi a lero ndi aang'ono. Ine ndikudziwa aakuluwo.

Adzukulu anandilola kukumbanso. Ukulu ndi wa Akimu. Ine ndimalowa m'dzenje pomaliza, pamene dothi lalimba, ndipo sindidandaula. Mowa ndatha zaka ziwiri osaulawa.

Veronika akadali ku Nabvutika, amagulitsa tomato. Ndikakolola ndimawapititsira chimanga, amalandira. Sofiya anayamba kundipatsa moni. Mwezi watha ndinalimba mtima. Ndinati nyumba ndafoleranso, bwererani. Anayamba aika tomato wawo m'milu, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kumene kampani inakataya dothi la kum'mawa kwa mkuyu. Ndinkadziwa. Ndinali pageti malole akutuluka nalo. Analithira mumsewu wochokera kumsewu waukulu kufika kwathu, kukwirira maenje kuti malole awo asamatitimire. Msewu wa galimoto wopita kwa Chimphinga ndi womwewo, palibe wina.

"Ndiye ndidutse pati, atate ake Sofiya? Ndiwaponde?"

Kuyambira tsiku limenelo inenso msewuwo sindiuponda. Lero ndabwera kuno kudzera m'minda, ndipo ndibwerera momwemo, ndiye mundilole ndinyamuke kukadali kowala. Mawu anga athera pamenepa.